Gel ya testosterone: kuyambira poyezetsa magazi mpaka kudzola m'mawa uliwonse

Ndisanagwire botolo la gel, mankhwala odzola pakhungu a amuna amene homoni yachimuna ya testosterone yawatsika, ndinayezetsa magazi kawiri, ndipo musalole kuyamba mankhwalawa mutayezetsa kamodzi kokha. Testosterone imakwera m'bandakucha n'kumatsika dzuwa likamapendeka, choncho magazi amatengedwa pakati pa 7 ndi 11 koloko m'mawa, musanadye kanthu, pa masiku awiri osiyana. Ngati mwangodwala malungo kapena chimfine chachikulu, yambani mwachira, chifukwa matenda amagwetsa homoniyi kwa kanthawi ndipo zotsatira zingakunamizeni. Madokotala a ku Britain amati ikakhala pansi pa 8 nmol/L (muyeso wa kuchuluka kwake m'magazi) ndi yotsikadi, pakati pa 8 ndi 12 ndi pokayikitsa, ndipo pamwamba pa 12 vuto mwina lili kwina. Ku America amayeza ndi muyeso wina, ndipo malire ambiri ndi 300 ng/dL. Nambala payokha siyikwanira, payenera kukhalanso zizindikiro: chilakolako chakuchipinda kuzilala, chida kusadzuka m'mawa, mnofu kuphwa, kutopa kosatha.

Kenaka tinafufuza chimene chayigwetsa. Kuyeza LH ndi FSH, mahomoni amene amauza machende kuti agwire ntchito, kumaonetsa ngati afooka ndi machende enieniwo, monga zimachitikira matsagwidi akafika kumusi munthu ali wamkulu, kapena ndi kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary kamene kasiya kutumiza uthenga. Amayezanso prolactin (homoni ina ya pituitary), PSA (imene imakwera m'magazi pakakhala vuto pa prostate, kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo), ndi haematocrit, yomwe ndi gawo la magazi lopangidwa ndi maselo ofiira. Kunenepa kwambiri, shuga, HIV ndi mankhwala amphamvu opha ululu a gulu la morphine zonse zimatsitsa testosterone, ndipo nthawi zina kuchepetsa thupi kokha kumayibwezeretsa.

Funso limene dokotala ayenera kukufunsani musanatuluke ndi lakuti, kodi mukufunabe ana? Thupi likamalandira testosterone yakunja, ubongo umaona ngati yakwana, umasiya kutumiza LH ndi FSH, ndiye machende amachepetsa kupanga mbewu mpaka nthawi zina kusiyiratu, nawonso n'kuchepa msinkhu. Mukasiya mankhwalawa mbewu imabwerera mwa amuna ambiri, koma pamatha miyezi yambiri, ena kupitirira chaka. Wofuna mwana afunse za hCG, jakisoni wa homoni amene amalimbikitsa machende kugwira ntchito, m'malo mwa gel. Komanso musayitenge ngati njira yolerera, mimba ikhoza kubwerabe. Amene ali ndi khansa ya prostate kapena ya bere, amene wangodwala mtima kapena sitiroko, ndi amene amabanika mpweya kutulo koma sakulandira thandizo, gel si yawo.

Ine ndimagwiritsa ntchito ya botolo lopopa, ya 16.2 mg pa galamu, imene ku Britain amati Testogel ndipo ku America AndroGel 1.62%. Kudina kamodzi kumatulutsa 20.25 mg. Poyambira ndi kudina kawiri, 40.5 mg, ndipo malire ndi kanayi, 81 mg patsiku. Botolo likakhala latsopano ndimadina katatu n'kutaya zotulukazo m'sinki, chifukwa zoyambazo sizikwana mlingo. Samalani, mabotolo sali ofanana: Tostran imatulutsa 10 mg pa kudina kamodzi ndipo imadzoledwa pamimba kapena m'ntchafu. Werengani pepala la m'bokosi lanu, osatengera la mnzanu.

M'mawa ndimasamba, ndikupukuta mpaka khungu liume gwa. Ndimadina m'chikhatho kamodzi, n'kuwaza mopyapyala paphewa ndi kumtunda kwa mkono, malo okhawo amene T-sheti ya manja aafupi imabisa, kenaka kudina kwachiwiri mbali inayo. Sindipaka pabala, pa zidzolo, ndipo kumaliseche ayi ndithu, chifukwa muli alcohol woyabwa. Alcohol yemweyo amayaka, choncho kwa mphindi 3 mpaka 5 pamene ikuuma sindiyandikira mbaula kapena fodya. Ndikatero ndimasamba m'manja ndi sopo, kuvala malaya, ndipo sindisambanso kapena kusambira mpaka patapita maola 2. Ndikaiwala tsiku lina, sindiwirikiza mawa lake.

Pano ndi pamene mtima wanga umakhala. Mwa gel yonse imene mwadzola, gawo losaposa limodzi mwa magawo khumi ndi limene limalowa m'magazi, yotsalayo ili pakhungu. Ganizirani mwana wa zaka ziwiri amene mwamunyamula muli chifuwa pamtunda, tsaya lake lagona paphewa panu, tsiku ndi tsiku. Ana otere aonekapo ndi tsitsi la kumaliseche asanafike msinkhu, maliseche kukula, ndi ukali wachilendo, ndipo n'chifukwa chake mu 2009 bungwe la FDA ku America linalamula kuti pamabokosi a gel pakhale chenjezo lalikulu. Mayi wa kunyumba angayambe ziphuphu kapena ndevu, ndipo ngati ali woyembekezera mwana wa m'mimba ali pangozi. Choncho tawulo langa ndi langa ndekha, malaya a usiku sindibwereketsa, ndipo tisanakhudzane thupi ndi thupi ndimatsuka mapewa ndi sopo. Wina akakhudza mwangozi, asambe pamalopo ndi sopo nthawi yomweyo.

Patatha milungu 2 mpaka 4 ndinayezetsanso kuti aone ngati mlingo wakwana. Funsani dokotala ngati akufuna magazi musanadzole kapena patapita maola angapo, ndipo muzichita chimodzimodzi ulendo uliwonse. Cholakwika chofala n'chakuti gel imatsetsereka mpaka pachigongono pamene amabaya, ndiye nambala imakwera modabwitsa ndipo amakuchepetserani mlingo pachabe. Tsukani malowo asanakubayeni.

Pa miyezi 3 mpaka 6, pa chaka, kenaka chaka chilichonse, amayeza haematocrit, PSA ndi BP. Testosterone imachulukitsa maselo ofiira, ndipo haematocrit ikadutsa 54% magazi akhuthala moti angaundane, choncho mlingo umachepetsedwa kapena kuimitsidwa. PSA ikakwera ndi 1.4 ng/mL m'chaka chimodzi, pitani kwa dokotala wa prostate. Kafukufuku wa TRAVERSE wa 2023, wa amuna oposa 5,000 a zaka 45 mpaka 80, anapeza kuti gel sinachulukitse matenda a mtima ndi sitiroko, koma panali ochulukirapo amene mtima unkagunda mosalongosoka ndi amene magazi anaundana m'mapapo. Mwendo umodzi ukatupa kapena mpweya ukakutherani mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Chilakolako chimayamba kubwerera pa milungu 3 mpaka 6, mnofu umatenga miyezi. Ikatha miyezi 6 nambala zili bwino koma simukumva kusintha, kambiranani ndi dokotala zosiya, chifukwa ndiye kuti chokuvutani sichinali testosterone.