Lachinayi, tsiku la khoswe

Ndaweruka 8 koloko mmawa, naiti yachitatu motsatizana, miyendo ngati si yanga. Ndisanavule ndi nsapato zomwe ndinayamba ndasuzumira kaye m'bokosi la Dzandi. Mbali yotentha 31 digiri, yozizira 26, chinyezi chapafupi ndi 60 peresenti, zili bwino. Mwini wake anali atadzipinda m'kaphanga kake, kamutu kokha kali panja kakugwedera pang'onopang'ono ngati agogo akuvomereza ulaliki.

Dzandi ndi njoka, eee njoka yeniyeni, ball python, msuweni wa nsato yakwathu ija kungoti iyeyu kwawo ndi ku Ghana, Togo ndi Benin uko, ndipo sakula ngati yathu yomeza mbuzi, amangopitirira mita imodzi basi. Ululu alibe, akaopa amangodzikulunga ngati mpira. Anandisiyira mnzanga wa kuntchito kuno ku Manchester atasamukira nyumba yoti eni ake safuna ziweto, amvekere ungondisungirako mwezi umodzi. Chino ndi chaka chachiwiri. Dzinalo ndinamupatsa ndine, chifukwa amayenda dzandidzandi ngati munthu wochokera ku kachasu.

Lero linali tsiku lomudyetsa ndiye ndisanagone ndinatulutsa khoswe mu fiza ndikumuika m'kakontena mu filiji kuti asungunuke. Mnzanga wokhala naye nyumba anandiwerengera kale malamulo, makoswe akhale m'dilowa yapansi okhaokha, asayandikire nkhuku yake. Ndimaseka ndekha nthawi zina, kwathu ku Dedza mbewa timakumba tokha nkudya tokha, kuno ndikuchita kugula khoswe ndi mapaundi kugulira njoka.

Dzandi ali ndi matenda ogwedera mutu, azungu amangoti wobble. Tsiku loyamba kuwaona bwinobwino sindidzaiwala, unali usiku, ndinamupeza atadzutsa khosi, mutu uli chagada kuyang'ana kudenga, kenako nkuyamba kupotokola thupi ngati munthu akufinya chovala. Ndinathamangira pa intaneti, komwe ukalowa ndi chimfine umatuluka ndi maliro, ndipo zonse zimaloza ku IBD, matenda a vairasi ogwira njoka za mtundu wa boa ndi nsato, opanda mankhwala, oti nsato ikawatenga sichedwa kufa. Sindinagone. Dokotala wa ziweto anandipanikiza mafunso, kodi pali njoka ina m'nyumbamo, kodi ndinaonapo tizilombo takuda tonga utitiri wa nkhuku pakhungu pake kapena m'madzi ake, kodi chotenthetsera chinayamba chapsa mopitirira muyeso, poti kutentha kwambiri nakonso kumaononga ubongo wa njoka. Zonse ayi. Kenako anangoloza pamsana pake, timizere takuda topyapyala ngati ukonde wa kangaude, akuti uyu ndi spider, anabadwa nazo.

Apa ndi pomwe pamandipsetsa mtima. Mtundu wa spider umenewu anayamba kuuswanitsa ku America cha m'ma 1999 chifukwa choti maanga ake ndi okongola, koma chimene chimabweretsa maangawo ndi chomwecho chimabweretsa chizungulire, sungazilekanitse. Ina imangogwedera pang'ono, ina ngati Dzandi imachita kugudubuka. Mu 2022 akatswiri a ku Germany atajambula mitu ya njokazi anapeza kuti mkati mwa khutu, mmene mumathandiza chamoyo kudziwa kumwamba ndi pansi, simunaumbike bwino. Ndiye tangoganizani chizungulire cha moyo wonse, njoka yoti imatha kukhala zaka 30. Bungwe la International Herpetological Society kuno ku UK linaletsa kugulitsa ma spider pa ziwonetsero zawo mu 2018, koma anthu akuswanitsabe, ndalama ndi ndalama.

Mankhwala palibe. Chimene ndingachite ndikungomuchotsera zomuvuta. Nthambi yayitali ija ndinachotsa atagwa kawiri. Mbale ya madzi ndi yosazama, kuopa kuti angapidiguke mutu uli m'madzi nkulephera kudzuka. Masamba apulasitiki ndinadzaza paliponse kuti azipeza pogwira ndi pobisala. Alendo akafuna kumunyamula kuti ajambulitse ndimakana, ena amakwiya, zawo izo.

Ndinadzuka 4 koloko, kuchapa mayunifomu, kuphika nsima ya ufa wa ku shopu ya ma Africa womwe sukoma ngati wa kuchigayo. Chakuma 8 usiku ndinamuyeza kaye pa sikelo ya kukhitchini, 1,340 magalamu, sanatsike. Khoswe uja ndinamuviika m'madzi ofunda ali m'pepala la pulasitiki, nkumuuzira mutu ndi chowumitsira tsitsi, chifukwa njokazi zili ndi timaenje pamlomo tomvera kutentha, chozizira sazindikira kuti ndi chakudya.

Fungo litangomufika anatuluka, lilime lawilawi, mutu uja wayamba kuvina. Akasangalala kapena akachita mantha ndi pomwe zimanyanya. Ndinamusonyeza khoswe ndi chopanira. Kulumpha koyamba anaphonya nkugunda galasi, phaa. Kachiwiri analuma m'malere, nkupidiguka, mimba yoyera ili kumwamba, akuyesa kutembenuka koma akutembenukira kolakwika. Dzanja limayabwa kuti ndimuthandize koma ndikamugwira nthawi ngati imeneyo ndiye kuonjezera moto. Kuntchito ndimaziona zomwezi, agogo onjenjemera manja ukawaimirira pamutu ndi supuni kuti adye msanga, tiyi yense amathera pa malaya, koma ukakhala pansi nkumayang'ana kumbali amadya okha.

Pomwepo foni, amayi pa WhatsApp, vidiyo. Ndinaiwala kutembenuza kamera.

"Iwe, chinthu chako chija uchikadali nacho?"

"Ali pompano amayi, akudwala, ndikumudyetsa."

"Njoka imadwala? Anthu kuno akamva adzati ndalama ukutumizazi ndi zokhwimira. Usadzaike pa Facebook wamva?"

Ndinati ndamva amayi. Ndinawafotokozera za khutu lija, anakhala chete kaye, kenako amvekere ndiye kuti ili ngati malume ako aja ankagwa pa njinga. Anafunsanso ngati ikudya. Aka ndi koyamba kufunsa zimenezo, ngakhale anamaliza ndi kundiuza kuti ndizitseka chitseko cha kuchipinda pogona.

Nditadula foni khoswe anali atazizira, ndinamufunditsanso, koma ulendo uno sindinamugwedeze ndi chopanira. Ndinangomugoneka pakhomo pa kaphanga, mutu kuloza mkati, nkuphimba bokosi lonse ndi thaulo, kuthimitsa getsi, ine ulendo kukatsuka mbale.

Chakuma 11 ndinakweza kangodya ka thaulo ndi kuwala kwa foni. Anali atamuyambira kumutu monga zimafunikira, miyendo yakumbuyo ndi mchira zokha zili panja, khosi litapendekera kumanzere koma akumeza. Ndinabwezeretsa thaulo. Masiku awiri akubwerawa sindimugwira kuopa angasanze, zokolopa m'bokosi zidikire Lamulungu. Mawa ndili ndi shifiti ya 7, ndipo yunifomu sinaume.