Stop ndi finish: kusiyira panjira si kumaliza

Munthu ali ku Johannesburg, akumangitsa nyumba kumudzi, ndipo mmisiri wamutumizira uthenga pa WhatsApp wakuti "We have stopped roofing." Akauwerenga mothamanga angasangalale n'kutumiza ndalama zotsala za mmisiriyo, poganiza kuti denga latha. Koma chiganizocho sichikunena zimenezo. Chikunena kuti ntchito yokhoma malata yaima. Mwina misomali yaperewera, mwina mvula yavuta, mwina anyamata akana kukwera pamwamba asanalandire kangachepe. Likanakhala kuti denga lonse lakhomedwa, uthengawo ukanati "We have finished roofing."

Liwu lakuti "stop" limangoona ngati chinthu chikuchitikabe kapena ayi. Chimachitika, tsopano sichikuchitikanso, basi. Za ntchito yotsala silinenapo kanthu. "Finish" amaona kumene ntchitoyo imayenera kuthera, ndipo amatsimikiza kuti munthu wafikako. Choncho musanasankhe, dzifunseni funso limodzi: kodi chinthuchi chili ndi pothera podziwika kale? Denga lili ndi lata lomaliza, buku lili ndi tsamba lomaliza, mbale ya nsima ili ndi mbamu yomaliza. Zoterezi mukhoza kuzichita "finish", ndipo mukazisiyira panjira mwachita "stop". Koma kulira kwa mwana, kugwa kwa mvula, kugunda kwa mtima ndi kuyenda kwa wotchi zilibe mzere umene zinalembedwa kuti zikathere. Izi zimangochita "stop". Mngerezi amati "It has stopped raining", "The baby has stopped crying", "My watch has stopped."

Katswiri wina wa nzeru zakuya, Zeno Vendler, analifotokoza bwino lamuloli mu 1957. Iye anaona kuti munthu amene amathamanga akaima, n'zoona ndithu kuti wathamanga, koma amene amathamanga mtunda wa mailo imodzi akaimira panjira, sitinganene kuti wathamanga mailo imodzi. Mneni ndi yemweyo, chasintha n'chakuti kachiwirika taikapo malire. Yesani ndi wilibala. "He finished pushing the wheelbarrow" imamveka yopelewera, womva amadikira kuti mumuuze kuti amaikankhira kuti. Mukangowonjezera kuti "to the market", chiganizo chakhala bwino.

Magwero a mawu awiriwa akugwirizana ndi zimenezi. "Finish" analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, kuchokera ku liwu la Chilatini lakuti "finis", kutanthauza malire kapena mapeto. "Stop" poyamba ankatanthauza kutseka chiboo, ndipo mpaka lero chotsekera botolo chimatchedwa "stopper". Madzi otsekeredwa sanathe, angoletsedwa kutuluka.

Pamene kusiyanaku kumafika pa moyo weniweni ndi pa mankhwala. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 35 kapena kuposerapo akapatsidwa LA wa malungo, amamwa mapiritsi 4 nthawi imodzi, kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, onse pamodzi 24. Ambiri pofika tsiku lachiwiri thupi limakhala litazizira, mutu wasiya kuwawa, ndiye mapiritsi otsalawo amawaponya m'kabati kuti adzathandize tsiku lina. Ameneyo akafunsidwa ndi dokotala m'Chingerezi, yankho loona ndi "I stopped taking it", osati "I finished it." Kwa dokotala, mayankho awiriwa ndi nkhani ziwiri. Wakuti "finished" koma akudwalabe, dokotala ayamba kuganiza za matenda ena kapena za mankhwala amene sanagwire ntchito. Wakuti "stopped", vuto laoneka kale: tizilombo tina tinatsala m'magazi. Chimodzimodzi mankhwala a TB, amene nthawi zambiri amamwedwa miyezi 6. Ku Britain, pa mabotolo a mankhwala opha tizilombo amamatapo kapepala kamene kali ndi mawu onse awiri m'chiganizo chimodzi, kouza wodwala kuti apitirize kumwa "until the course is finished, unless you are told to stop." Kumaliza kunaikidwiratu ndi kuchuluka kwa mapiritsi, pamene kusiya n'chisankho chimene wina amapanga pakati panjira.

Ma ARV ndi mankhwala a BP ndi osiyana ndi amenewa, chifukwa alibe tsiku lomaliza. Munthu sangawachite "finish" m'lingaliro lakuti wathana nawo. Chimene chimatha ndi botolo. Wopita kuchipatala kukatenga ena anene kuti "I have run out of my tablets." Akanena kuti "I have stopped my tablets", namwino amva kuti munthuyu wasiya dala kumwa, ndipo kucheza kwawo kulowera kwina.

Apa ndi pamene mneni wathu wakuti kutha amatipusitsa. Ife timati shuga watha, mayunitsi atha, pasipoti yatha, nsapato zatha, ukwati watha, ngakhalenso munthu wodwala timati watha. Wophunzira akangoloweza kuti kutha ndi "finish", amamwaza liwu limeneli ponseponse. "The sugar is finished" imamveka m'mayiko ambiri a mu Africa ndipo palibe angakufunseni kawiri pa golosale, koma Mngerezi wa ku London anganene kuti "We've run out of sugar" kapena "The sugar's all gone." Pasipoti ndi laisensi zimachita "expire". Nsapato zakutha ndi "worn out". Ukwati umachita "end" kapena "break down". Wodwala amene waonda ndi "He has lost a lot of weight", ndipo apa samalani kwambiri, chifukwa "He is finished" ndiye kuti zake zada, palibenso chiyembekezo. Mawu otere sayenera kutuluka pakamwa pa munthu amene wapita kukazonda matenda. Komabe pakakhala munthu amene wachita kumaliza chinthucho, "finish" amakhala pamalo pake: "Who finished the sugar?" ndi Chingerezi chabwinobwino. Njira yosavuta ndi kugwirizanitsa "finish" ndi kumaliza, osati ndi kutha. Pamene m'Chichewa simunganene kuti kumaliza, kayikirani kaye.

"I'm finished" payokha ili pawiri. Pa tebulo, mutaika supuni pansi, ikutanthauza kuti mwamaliza kudya. Ikanenedwa ndi munthu amene katundu wake walandidwa pa boda, ikutanthauza kuti watheratu. Nkhope ndi malo ndi zimene zimamasulira. Polemba kalata, pamene nkhope sioneka, lembani "I have finished" n'kutchula chimene mwamalizacho.

Tsopano kamangidwe ka chiganizo, pamene ana asukulu ambiri amatayira malikisi. M'Chichewa timati ndasiya kusuta, ndamaliza kudya, ndaima kuti ndigule nthochi. Kusukulu tinaphunzitsidwa kuti ku- wa kumayambiriro kwa mneni ndi "to", ndiye dzanja limathamangira kulemba "I finished to eat." Chiganizo chimenechi m'Chingerezi mulibe. Pambuyo pa "finish", mneni wotsatira amatenga "-ing" nthawi zonse: "I finished eating", "She finished writing the report."

"Stop" ndiye amalola zonse ziwiri, koma tanthauzo limatembenuka. "He stopped smoking" ndiye kuti analeka fodya. "He stopped to smoke" ndiye kuti anaima, kapena anasiya zimene amachita, n'cholinga choti asute. Dalaivala wa minibasi amene "stopped to talk on the phone" ndi wosamala, waimika galimoto pambali kuti ayankhe foni. Amene "stopped talking on the phone" wangodula foni, mwina waona apolisi apamsewu kutsogolo. M'chiganizo cha "to", kachidutswa kameneka sikakunena chimene chasiyidwa, kakunena chifukwa choimira. Kuti mudziyese, ikani "in order to" pamalo pa "to". Chiganizo chikamvekabe monga mumafunira, mwalemba bwino. Chikasokonekera, mumafunika "-ing". Wofunsira ntchito amene walemba kuti "I stopped to drink alcohol two years ago" wauza abwana zosiyana kotheratu ndi zimene amafuna kunena.

Palinso "He finished smoking", imene ikungonena za ndudu imodzi imene inali kukamwa. Mawa asutanso.

Ntchito ina ya "stop" imene "finish" alibe ndi ya kuletsa. "Stop the goats from eating the maize." Kamangidwe kake ndi "stop", kenako munthu kapena chinthu choletsedwacho, kenako "from", kenako mneni wa "-ing". A ku Britain nthawi zambiri amamusiya "from" n'kungoti "stop the goats eating the maize", pamene a ku America amakonda kumusunga. Pa mayeso musungeni, palibe angakuchongereni cholakwa. Chosaloledwa ndi "He stopped me to go", chimene chimabadwa pomasulira liwu ndi liwu kuti anandiletsa kupita. Cholondola ndi "He stopped me from going."

M'chipinda cha mayeso a MSCE mawu awiriwa amakumana maso ndi maso. Nthawi ikakwana, woyang'anira mayeso amati "Stop writing." Sanganene kuti "Finish writing", chifukwa kutero n'kupatsa aliyense chilolezo choti amalize kaye yankho lake, ndipo ena angakhale pamenepo mpaka dzuwa kulowa. Mphunzitsi m'kalasi akati "Finish your sentence and put your pens down", wachita chifundo cha masekondi ochepa. Pa kalata yofunsira ntchito, "I finished Form 4" ikunena kuti munafika kumapeto kwa sukulu ya sekondale, koma siikunena kuti munakhoza. Ngati satifiketi muli nayo, nenani kuti "I passed". Amene analekezera Fomu 3 asalembe "finished", ndipo "I stopped school" imamveka yachilendo pang'ono kwa eni chiyankhulo. Iwo amati "I left school in Form 3."

Pa nkhani ya kuntchito, mawuwa amayandikana mpaka kukhudzana. "I finish work at five" ndi "I stop work at five" onse akunena za kuweruka, ngakhale woyambayo ndi amene amamveka kawirikawiri. Koma "My father stopped working last year" ndiye kuti bambo anapuma pantchito kapena anaisiya, ndipo "The fridge has stopped working" ndiye kuti firiji yawonongeka. Firiji singachite "finish working", pokhala ilibe ola loweruka.

Okonda mpira amawadziwa bwino mawuwa ngakhale sanawaganizirepo. Wosewera akavulala, refu amaimitsa masewero, ndipo mphindi zotayikazo zimabwezedwa kumapeto kwa chigawo chilichonse cha mphindi 45. N'chifukwa chake zimatchedwa "stoppage time". Masewero enieniwo amachita "finish" pa wezulo yomaliza, ndipo olengeza amati "It finished two-one." Womwetsa zigoli waluso amatamandidwa chifukwa cha "finishing", kumalizitsa zimene anzake ayamba kuchokera kumbuyo. Pa mpikisano wothamanga wa Comrades, pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, wothamanga akhoza kuima kangapo panjira, kumwa madzi, kuwongola miyendo, koma akalowa pa mzere womaliza maola 12 asanakwane amawerengedwa kuti wamaliza. Amene walephera kufika amalembedwa zilembo zitatu, DNF, kuimira "did not finish". Amisiri omanga nawonso akati nyumba yafika pa finishing amanena pulasitala, siling'i, matailosi ndi penti, ndipo aliyense amene anamangapo akudziwa kuti gawo lotchedwa lomalizali ndi limene limadya ndalama mopanda chisoni.

Tizidutswa tating'ono totsatira mneni timasinthanso zinthu. "Have you finished with the hoe?" ndi funso la munthu amene akufuna kubwereka khasu, sakufunsa ngati munda watha. Ku Britain, "She has finished with him" ndiye kuti chibwenzi chatha. "Stop by" ndi kudzera pakhomo pa munthu mwachidule, "stop over" ndi kuima kapena kugona panjira paulendo wautali, monga amachitira okwera ndege amene amasinthira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Kubanki kuli msampha wake: "stop payment" ndi kuletsa kuti ndalama zisaperekedwe, koma ku South Africa "stop order" ndi lamulo louza banki kuti izidula ndalama mwezi ndi mwezi n'kumalipira kwinakwake. Werengani fomu musanasaine.

Kalembedwe kali ndi mbuna ziwiri. "Stop" ndi liwu la phatikizo limodzi lothera ndi lembo laliwu limodzi ndi lopanda liwu limodzi, choncho p amabwerezedwa: "stopped", "stopping". "Finish" sabwereza kanthu: "finished", "finishing", koma amatenga "-es" pa "he finishes". Mukaika n awiri n'kulemba "Finnish", mwatchula chiyankhulo cha anthu a ku Finland, ndipo kompyuta siikuchenjezani chifukwa liwulo lilipodi. Pa katchulidwe, lilime lathu linazolowera kuti phatikizo lililonse lithere ndi a, e, i, o kapena u, ndiye timapezeka tikunena sitopedi ndi finishedi. Kwa eni ake "-ed" ameneyu amamveka ngati t wouma, chifukwa p ndi sh ndi malembo otuluka ndi mpweya wokha. "Stopped" ndi phatikizo limodzi, "finished" ndi awiri. Poyeserera, tsekani milomo pa p, ndipo musanaitsegule ikani kale nsonga ya lilime kuseri kwa mano akumwamba kuti t atuluke popanda i pakati.