Amene amathira klorini m'ndowa alowenso m'misonkhano yathu

Mu Meyi 2016 Malawi inalandira msonkhano waukulu wa pa dziko lonse wa anthu a ntchito yathu, ife oyendera misika, malo odyera, malo ophera nyama, madzi akumwa ndi zimbudzi. Unali wa nambala 14 mwa misonkhano ya bungwe la International Federation of Environmental Health, ndipo unachitikira ku Lilongwe, bungwe lathu la kuno ku Malawi la MEHA (Malawi Environmental Health Association) ndilo linalandira alendo. Wa m'mbuyo mwake unachitikira ku Las Vegas mu 2014, wotsatira wake ku Auckland mu 2018. Kuona dzina la Lilongwe pakati pa mizinda imeneyo kunandinyaditsa, ndipo mpaka lero ndimanyadirabe.

Misonkhano yotere ndimaikonda. Ntchito yathu ndi yosaoneka. Dokotala akachiza munthu, abale amathokoza. Koma tikatseka chitsime choipa mudzi nkupulumuka ku matenda otsegula m'mimba, palibe amene amadziwa kuti wapulumuka. Kawirikawiri timangotchedwa anthu ovuta amene amalanditsa nyama pamsika. Ndiye ukakhala pansi ndi mnzako wa ku Zambia, Kenya kapena South Africa, nkumva kuti nayenso amalimbana ndi ogulitsa zakudya m'mbali mwa msewu, ndi makhonsolo opanda galimoto yotolera zinyalala, mtima umakhala m'malo. Umaphunziranso. Ine ndinayamba kuyeza klorini yotsala m'madzi pakhomo pa munthu, osati pampopi pokha, nditamva mnzathu wina akufotokoza pamsonkhano kuti madzi amachoka pampopi ali bwino nkukaipira m'ndowa yosavundikira, momwe ana amaviikamo kapu ndi manja omwe.

Chimene chimandipweteka ndi ichi: amene amagwira ntchito yeniyeniyo sapezeka m'maholo amenewa.

Ndikunena za alangizi a zaumoyo, ma HSA. Mbiri yawo ndi yaitali. Anayamba ngati obaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960, kenako m'ma 1970 anakhala othandiza kulimbana ndi kolera, mpaka kudzafika pa udindo umene ali nawo lero. Ndiwo amapalasa njinga kupita ku sikelo ya ana, kulemba kaundula wa m'mudzi, kukhala pansi ndi amfumu kukambirana za mabanja amene alibe chimbudzi. Ali pansi pa dipatimenti yathu, koma ukayang'ana mndandanda wa opita ku msonkhano, umapeza mayina a mabwana okhaokha ndi aphunzitsi a kuyunivesite.

Kolera amene anayamba mu Marichi 2022 ku Machinga, m'nyengo ya anamondwe Ana ndi Gombe, ndiye anaonetsa poyera kuti nzeru zili kuti. Mliri umenewu unafika m'maboma onse ndipo unapha anthu oposa 1,700, kuposa mliri wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lathu. Kuboma kumene ndimagwira ntchito, m'mbali mwa nyanja, papepala zonse zinali zodziwika: magalamu pafupifupi 15 a HTH (ufa wa klorini) mu lita imodzi ya madzi kuti tipeze mankhwala ogawira anthu, kuthira m'ndowa, kudikira mphindi 30 asanamwe. Koma papepala panalibe yankho la mayi amene akuti madzi a klorini amanunkha ndipo amuna ake sangamwe. Panalibe yankho la asodzi amene amagona panyanja, kumwa madzi a m'nyanja momwemo ndi kudzithandizira momwemo. Panalibe njira yolankhulira ndi anamfedwa kuti thupi la womwalira ndi kolera lisasambitsidwe monga mwa mwambo, ndiponso kuti pamaliro pasaphikidwe nsima.

Mlangizi wina wachizimayi wa m'dera lathu ndiye anapeza njira. Sanayambe ndi anamfedwa. Anayamba wapita kwa adzukulu okumba manda ndi kwa amayi a mpingo amene amasambitsa maliro, nakambirana nawo modekha, amfumu ali pomwepo. Mawu atachokera kwa iwowo, anthu anamva. Zimenezi zimayenera kukambidwa pamaso pa anthu a m'maboma ena ndi a maiko ena, iye mwini akufotokoza. Koma msonkhano wounikira za mliriwu utaitanidwa, dzina lake silinalembedwe. Anapita ena, ndipo nkhani yake inangokhala mzere umodzi mu lipoti.

Tonse tikudziwa chifukwa chake, ngakhale sitimachitchula mokweza. Msonkhano uli ndi alawansi. Malo akakhala awiri, amene ali ndi cholembera m'manja ndiye amasankha. China ndi chilankhulo: zonse zimachitika m'Chingerezi, ndi zithunzi za pakompyuta, ndipo munthu amene luso lake ndi lolankhula ndi mudzi amachita manyazi kuimirira. Kumasulira sikungativute, tili ndi anthu ambiri odziwa Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka.

Ndikanakonda okonza misonkhano akanasunga mipando ingapo, yolipiridwa kale, ya ma HSA ndi othandizira awo a m'maboma, ndi kuwapatsa nthawi yawoyawo yolankhula, osati masana a tsiku lomaliza anthu atayamba kale kufunsa za mayendedwe. Tsiku limodzi lizikhala la kumsika kapena kudoko la asodzi, tikaone ndi maso ngalande ndi zimbudzi zimene timazikamba. Ndipo amene wapita ku msonkhano, akabwerako, azikhala pansi ndi anzake a kuchipatala chaching'ono nkuwauza zimene wamva.

Nkhani zoti tikambirane zilipo zambiri. Lamulo lathu la zaumoyo wa anthu linalembedwa mu 1948, nthawi ya atsamunda, ndipo takhala tikuligwiritsa ntchito m'matauni amene olemba ake sanawalotepo. Namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 anakokolola zimbudzi zambirimbiri kummwera, ndipo funso la chimbudzi chimene chingapirire madzi osefukira m'dothi la mchenga likadali pomwepo. Pa 26 Seputembala chaka chilichonse timakumbukira tsiku la ntchito yathu pa dziko lonse. Chaka chino kwathu ndapempha kuti wolankhula woyamba akhale mlangizi uja, ndipo ndalama ya basi ndipereka ndine.