Lachiwiri ku Chembe: pini inali m'madzi

Cha m'ma 6 koloko m'mawa. Kwacha kopanda mtambo, ndipo dzuwa la Okutobala layamba kuluma asodzi asanamalize n'komwe kuyala usipa pa thandala. Ntchito ya lero, yokonza mmene malo amaonekera pa mapu a Google, ili pa tinyumba titatu ta alendo kumapeto kwa mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear. Eni ake, mayi wachikulire ndithu, akuti Disembala wayandikira koma foni ili zii, ndipo alendo ochepa amene amabwerawo amafika atatopa ndi kufunsa njira.

Tisanagwire chilichonse tafufuza kaye monga achitira mlendo. Tatsegula tsamba la Chrome lobisika lija, losakumbukira zomwe munthu anafufuzapo kale, chifukwa foni ya mwini malo imanamiza: imakuonetsa malo ako pamwamba poti umawatsegula tsiku ndi tsiku. Talemba "cottage Cape Maclear", kenaka "self catering Cape Maclear". Palibe. Titalemba dzina lenileni la malowa, atuluka kawiri pa mapu. Pini yoyamba (kachizindikiro koloza malo pa mapu) ili m'madzi, mamita ngati 300 kuchoka pagombe kulowera ku chilumba cha Thumbi. Yachiwiri ili ku Monkey Bay, poti amene anaiika analemba bokosi la ku positi ngati keyala. Kuchoka pamphambano ya msewu wa ku Monkey Bay kufika kuno ndi pafupifupi makilomita 18, ndiye mlendo wotsatira pini yachiwiriyi amakamva foni ikuti wafika ali patali chonsecho.

8 koloko. Takhala pakhonde ndi eni malo kukambirana funso limene ambiri amalidumpha. Malamulo a Google Business Profile, tsamba la bizinesi loonekera pa mapu a Google, amanena poyera kuti nyumba yongobwereketsa kwa alendo atchuthi siyenera kukhala ndi tsamba lakelake pa mapu. Chovomerezeka ndi bizinesi yomwe ili ndi anthu olandira makasitomala maso ndi maso pa nthawi zomwe yalemba, kuphatikizapo ofesi yobwereketsa nyumbazo. Choncho amene ali ndi nyumba imodzi ku Senga Bay, iye akukhala ku Lilongwe, makiyi akusungidwa ndi aneba, akaiika pa mapu ngati bizinesi akumanga pamchenga. Tsambalo likhoza kukhala miyezi, ndemanga n'kuchuluka, tsiku lina n'kungopeza laimitsidwa. Nyumba yotere njira yake ndi Booking.com, Airbnb ndi webusaiti, kapena kulembetsa ofesi yoyang'anira nyumbazo ngati ilipodi.

Pano mwayi ulipo. Pali kachipinda kolandirira alendo, pali mnyamata amene amakhalapo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pali buku lolembamo alendo, ndipo layisensi yapachikidwa pakhoma. Chosowa ndi chikwangwani.

"Chinalipo, bambo," atero mayiwa, "mwera unachigwetsa mu Julaye, chili kuseri kwa khitchini."

Tachitulutsa, tachitsuka, ndipo kalipentala wa m'mudzi wachikhomera pa mitengo iwiri pageti. Ola lathunthu lapita pamenepo koma silinatayike, chifukwa popanda chikwangwani chokhazikika vidiyo ya masana, yotsimikizira Google kuti bizinesi ilipodi, ikanakanidwa.

Cha m'ma 10. Pa masamba awiri aja tasankha lam'madzi. Linaikidwa ndi mlendo wina zaka zapitazo, lilibe mwini, koma lili ndi ndemanga 14, ndipo ndemanga ndiye chuma chake. La ku Monkey Bay analipanga mdzukulu wawo yemwe ali ku Joni, lilibe ndemanga ngakhale imodzi. Pa loyambalo tadina "Claim this business" ndi imelo ya mayiwa, osati yathu kapena ya mnyamata wa pa ofesi. Wothandiza aliyense azilowa ngati manejala, kuti tsiku lomwe adzasiye ntchito asadzapite ndi mapu m'thumba. Tsamba likakhala kuti lili kale ndi mwini, umapempha kudzera pa Google kuti akupatse, ndipo iye amakhala ndi masiku atatu oti ayankhe. Lachiwirilo talinena kudzera pa "Suggest an edit" kuti ndi lobwereza.

Pini taikoka pa chithunzi cha setilaiti, osati pa mapu oyera aja, omwe kuno saonetsa kanthu kupatula mzere wa msewu. Taiika pageti pomwe galimoto imalowera. Ambiri amaiika padenga la nyumba yokongola kwambiri kapena pamchenga, ndiye Google imasankha kanjira kalikonse koyandikira pini, dalaivala n'kukathera pakati pa mipanda yaudzu pomwe sangatembenuke. Titaima pagetipo takopera Plus Code ya malowo, kanambala kosakaniza zilembo kokhala ndi chizindikiro cha + pakati. Yazilembo 10 imaloza kadera ka mamita pafupifupi 14 mbali zonse, kokwanira kupeza geti kumudzi komwe kulibe dzina la msewu kapena nambala ya nyumba. Bokosi la ku positi sitinaliike, Google siililola ngati keyala.

Dzina talisiya monga lilili pachikwangwani. Mnyamata uja amafuna tiwonjezere "best cheap beach lodge Lake Malawi" kumapeto kwake, akuti ena akutero ndipo akuoneka. Akuonekadi mpaka wina atawanena. Mawu amenewo malo ake ndi pa mtundu wa bizinesi. Google imalola mtundu umodzi waukulu ndi ina yowonjezera mpaka 9, koma ife tasankha iwiri yokha, "Guest house" pamwamba ndi "Cottage rental" pansi pake. "Restaurant" taikana, ngakhale mayiwa amaphikira alendo kampango akapempha, chifukwa munthu wanjala wofika 1 koloko akapeza pamoto pali zii amasiya nyenyezi imodzi.

Nambala ya foni tailemba kuyambira ndi +265, ziro woyamba uja n'kumuchotsa, kuti wa ku Johannesburg kapena ku London akangodina ilowe.

Masana, 12 koloko itadutsa. Vidiyo yotsimikizira. Njira yotsimikizira amasankha ndi Google, ndipo ife atipatsa ya vidiyo. Imajambulidwa pafoni mkati mwa tsamba lomwelo, kamodzi, osadula, osatenga yomwe inajambulidwa kale, ndipo isachepere masekondi 30. Zofunika kuonetsa ndi zitatu: komwe muli, kuti bizinesi ilipodi, ndi kuti inuyo ndinu oiyendetsa. Tayambira mumsewu kuonetsa golosale yoyandikana nayo ndi dzina lake, tatembenukira kuchikwangwani n'kuima masekondi angapo kuti chiwerengeke, talowa pageti, mayiwa atsegula loko wa ofesi ndi kiyi, kenaka kanyumba kamodzi mkati, bedi ndi neti yake. Nkhope za alendo ndi masamba a buku lokhala ndi maina awo sitinajambule.

Ulendo woyamba yakanika kukwera, netiweki yagwa itatsala pang'ono kumaliza. Wachiwiri tafupikitsa kufika mphindi imodzi ndi theka, ndipo titangomaliza tathamangira pomwe foni imagwira bwino, pafupi ndi mlambe wa kumsewu. Yakwera. Yankho lingatenge masiku asanu a ntchito, ndipo zambiri zomwe tasintha zidzaonekera pokhapo. M'masiku amenewa dzina, keyala ndi mtundu wa bizinesi zisakhudzidwenso, kusinthasintha kumabweretsa kutsimikizira kwina.

2 koloko sikujambulika, dzuwa limayeretsa mchenga ndi madzi mpaka chithunzi kuoneka ngati chofufutika. Nthawiyi taigwiritsa ntchito kusaka paliponse pomwe malowa analembedwa. Pa Facebook pali nambala yakale ya foni yomwe inatayika. Pa Booking.com dzina lili ndi "Lodge" kumapeto, pachikwangwani palibe. Pa webusaiti yawo alemba "Cape McLear". Kwa munthu zonsezi ndi malo amodzi, koma makina akamayerekeza dzina, keyala ndi foni amayamba kukayika. Tazifananitsa chilembo ndi chilembo. Pamutu wa webusaiti, pomwe panangolembedwa "Home", taikapo dzina la malo, mtundu wake ndi Cape Maclear, ndipo m'munsi talemba njira m'mawu monga ailongosolera munthu wa kuno: ukalowa m'mudzi ukhotere kuti, udutse chiyani. Tatchulanso zomwe alendo amafufuzadi, Otter Point, Thumbi, Domwe ndi Lake Malawi National Park, yomwe ili pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse kuyambira 1984, chilichonse ndi nthawi yomwe munthu amatenga wapansi kapena pabwato. Google imati imayang'ana zitatu posanja malo: kugwirizana ndi zomwe munthu walemba, mtunda, ndi kutchuka. Mtunda sitingausinthe kuposa kukonza pini. Zinazo ndiye zili m'manja mwathu.

Tapitanso pa OpenStreetMap, mapu ena a pa intaneti omwe aliyense angawonjezerepo malo, yomwe eni malo ambiri saidziwa n'komwe. Alendo oyenda ndi galimoto zawo kuchokera ku Zambia, Mozambique ndi Tanzania amadalira mapu ogwira popanda intaneti monga OsmAnd, Organic Maps ndi Maps.me, ndipo onsewa amatenga zinthu kumeneko. Malowa kunalibe. Tawaika ndi chizindikiro cha tourism=guest_house, dzina, foni ndi webusaiti, pogwiritsa ntchito GPS yomwe tatenga tokha pageti. Kukopera kuchoka pa Google n'koletsedwa kumeneko. Mphindi 15 zokha.

Cha m'ma 5 koloko kuwala kwafewa, tajambula. Choyamba ndi geti ndi chikwangwani monga zionekera kwa munthu ali m'galimoto, chithunzi chosakongola koma chomwe chimapulumutsa wofika usiku. Kenaka chipinda chilichonse, bafa, khitchini ndi mbaula yake ya gasi, thanki ya madzi, masola padenga. Mlendo wa ku Blantyre amafuna kudziwa ngati furiji ikhalabe yozizira magetsi akazima, zimenezo zimamukhudza kuposa kulowa kwa dzuwa, komwe aliyense pagombe lino ali nako. Tachijambula chimodzi basi. Google imalandira JPG kapena PNG, kuyambira 10 KB mpaka 5 MB, ndipo imalimbikitsa mapikiselo 720 mbali zonse. Zithunzi zichoke mufoni yomwe yajambula, chifukwa zikadutsa pa WhatsApp mwachizolowezi zimafika zitafinyidwa.

Madzulo, nkhani ya ndemanga. Mayiwa anali ndi ganizo loti aliyense wolemba nyenyezi zisanu azimwa chakumwa chaulere, ndi kuti ana a mchemwali wawo alembeko zingapo. Zonse ziwiri n'zoletsedwa, ndipo ndemanga zisanu ndi imodzi zolowa sabata imodzi kuchoka m'maakaunti atsopano zimadziwika msanga. N'koletsedwanso kupempha okhawo omwe asangalala. Tagwirizana kuti tsamba likatsimikizidwa titenga linki yopemphera ndemanga, tisindikiza QR code yake (kachizindikiro kojambula ndi foni kuti linki itseguke) pakapepala koika pa tebulo la ofesi, ndipo mlendo aliyense azitumiziridwa uthenga tsiku lotsatira atachoka, akafika komwe netiweki ili bwino. Pa 14 zija pali ziwiri zodandaula, zonse za kusochera. Mayankho ake tawalemba kale papepala, aafupi: kupepesa, kunena kuti pini yakonzedwa, n'kuikapo Plus Code.

8 koloko usiku, nyali za asodzi zandandalika panyanja. Mawa m'mawa mnyamata uja akwera njinga yamoto kupita pamphambano ya Monkey Bay n'kubwerera akutsatira foni yokha pogwiritsa ntchito Plus Code ija, kuti tione ngati ikumufikitsa pageti kapena kuseri kwa mpanda wa aneba.