Mmene ndinapulumutsira makumba anga ku tinyongolotsi ta pakhungu

Mbewu ya makumba ndinali nditangoithira m'damu masabata atatu m'mbuyomo pamene ndinaona kuti yaleka kudya. Madeya ankangoyandama. Tinsomba tina tinkadzikhula m'mbali mwa damu, tina titasonkhana polowera madzi, zipsepse zitafota. Nditagwira kamodzi, thupi lake linali lotuwa ndi loterera kuposa masiku onse.

Ndinatenga tinsomba tisanu tamoyo m'ndowa kupita nato kwa alangizi a za nsomba. Zakufa musatenge, chifukwa tizilombo ta pakhungu timachoka nsomba ikafa. Alangiziwo anapala pang'ono pakhungu n'kuika pa maikulosikopu. "Bambo, bwerani mudzionere nokha," anatero. Ndinaona kanyongolotsi kaphanthiphanthi, kosakwana milimita imodzi, katakola ndi tingowe ta kumchira, kakutambasuka ngati msundu. Dzina lake ndi Gyrodactylus.

Chimene chinandiopsa ndi kaberekedwe kake. Sikaikira mazira ayi. Kamabereka mwana wamoyo, ndipo mwanayo amabadwa ali kale ndi mwana wina m'mimba mwake. N'chifukwa chake m'damu lothithikana timachuluka msangamsanga. Ku Norway mtundu wina wa tinyongolotsiti, Gyrodactylus salaris, unapulula nsomba za salmon m'mitsinje yambiri kuyambira m'ma 1970.

Mankhwala anali mchere wamba. M'mamawa kusanatenthe ndinakoka ukonde, n'kusungunula theka la kilogalamu ya mchere m'malita 20 a madzi a m'damu momwemo. Ndinkaviika nsomba zochepazochepa, osapitirira mphindi 10. Apa m'pofunika maso. Nsomba ikayamba kupendekeka, ivuuleni pompo ndi kuiponya m'madzi abwino, musadikire wotchi. Ulendo woyamba ndinachedwa, ndipo zingapo zinandifera m'manja. Zimandipwetekabe mtima.

Zosambitsidwazo sindinazibwezere m'damu lakale. Ndinaziika m'damu lina laling'ono, lakalelo n'kuliphwetsa, kuwaza laimu pansi ndi kulisiya padzuwa mpaka matope atang'aluka. Ukonde ndi ndowa nazonso ndinaziyanika. Patatha sabata ndinabwereza kusambitsa, pakuti alangizi anandichenjeza kuti pali tinyongolotsi tina, Cichlidogyrus, tokhala mopumira nsomba za mtundu wa chambo monga makumba, ndipo ito timaikira mazira amene mchere suwapha.

Tsiku lachinayi nditasambitsa kachiwiri, ndinawaza madeya ndipo madzi anachita thovu ndi nsomba zolimbirana chakudya. Mbewu imene ndagula mwezi uno ili payokha m'kadamu kena kakang'ono, ndipo ikhala momwemo masabata awiri ndisanaisakanize ndi zinzake.