Nkhwazi inadya, wa boti anadya

Lachinayi, Dedza, kuzizira kwa mu Juni

Mnyamata wa kabaza wandiseka lero, ndipo mpaka pano mtima sunakhale pansi.

Ndinali pa siteji kudikira katundu amene mng'ono wanga anatumiza pa minibasi kuchokera ku Lilongwe. Kondakitala ndikamuimbira ankangoti “tili pa Linthipe mayi,” Linthipe yake yosatha. Chifunga chinali chitatsika phiri lonse, ndiye ndinakaima pafupi ndi chiwaya cha tchipisi kuti ndiwotheko moto. Pomwepo panatulukira atsikana awiri achizungu, zikwama zazitali kumsana, akuchokera kuchipata cha ku Mozambique. Ankafuna njira ya ku Cape Maclear. Oitanira anawaunjirira, uyu akukokera kwake uyu kwake. Ndiye mnyamata wina amene anakhala pa njinga yamoto, chipewa chaubweya mpaka m'makutu, anangodzuka n'kuyamba kuwalongosolera m'Chingerezi chothyokathyoka koma chomveka. Kwerani yolowera ku Ntcheu, mukatsike pa Masasa. Pamenepo mupeze galimoto yotsetsereka Khwekhwelere mpaka pa Golomoti, kenaka ya ku Monkey Bay, koma musanalowe m'tauni mukhotere kumanzere.

Sanalekere pomwepo. Anawauza kuti akafika ku Chembe, mudzi wa pa Cape Maclear, akapeze boti lopita ku chilumba cha Thumbi, kuti ku Otter Point kuli miyala yabwino kusambirapo, kuti Domwe ndi chilumba chachikulu chokwera mapiri pomwe Mumbo chili patali ndipo ena amapitako pa kayaki. Anawachenjezanso kuti miyezi ino ndi ya mwera, boti alikwere m'mamawa nyanja isanakalipe. Atsikana aja ankalemba pafoni. Ine ndinkangogwedeza mutu, chifukwa zonse zinali zoona.

Atachoka ndinamufunsa, “Achimwene, munakhalitsa kunyanja kuja?”

“Ine? Ayi mayi. Nyanja ndimaionera pamwamba pa Khwekhwelere kukakhala kopanda chifunga, imangoti mbee uko. Kutali kumene ndinafika ndi pa Golomoti, ndinanyamula mayi wina wa kachewere.”

Zonse zija akuti anaziphunzira kwa alendo omwewo akamabwerera, zina pafoni. Ndinamva chisoni, ndipo ndikuona kuti chisoni changacho anachiona pankhope, chifukwa nayenso anasintha maso. Ndinamuuza kuti ine ndinapitako, ndipo ayenera kudzapita tsiku lina, si kutali, munthu ukanyamuka m'mawa nkhomaliro ukadyera konko. Anandifunsa kuti ndinakatani. Ndinayamba kufotokoza ndi mtima wonse.

Ku Thumbi boti limaima pamiyala, wa boti n'kukupatsa magalasi osambirira aja okhala ndi kapaipi kopumira. Amafinya buledi m'madzi, ndipo pakamphindi nsomba zazing'ono za m'miyala zotchedwa mbuna zimabwera zambirimbiri, zina zabuluu zamizere yakuda, zina zachikasu, zina zamawangamawanga. Ukagwira buledi m'manja zimakudyera m'zala, umamva tikamwa tawo tikukutsina pang'onopang'ono. Ukamiza nkhope umaziona zikupala ndere pamwala, iliyonse ikulondera kamalo kake, ina ikayandikira kuithamangitsa. Yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa, moti tiana tikaopsezedwa timathawira m'kamwa mwa make. Pobwerera wa boti anaimba mluzu n'kuponya nsomba pamadzi, nkhwazi inachoka mumtengo wa pachilumba, inatsika mapiko ali tambalala, n'kuitola ndi zikhadabo osanyowa n'komwe.

Mnyamata uja anamvetsera zonse mwaulemu. Kenaka anati, “Ndiye munalipira geti, munalipira boti. Nkhwazi inadya, wa boti anadya. Inu munadya chiyani?”

Wa tchipisi anaseka mpaka kugwetsa chipande. Nanenso ndinaseka, koma zinandilowa.

Ndinayesa kuyankha ngati mphunzitsi, poti ndi ntchito yanga. Ndinati malo aja ndi paki, Lake Malawi National Park, inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi. Mitundu yake ndi mazanamazana, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse, ina imapezeka pachilumba chimodzi chokha. N'chifukwa chake saloleza kuponya ukonde pafupi ndi miyala ya zilumba zija, mamita 100 kuchokera kumtunda. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti mawu anga akumveka ngati ndikuwerenga pabolodi. Iye anangoti “ooh,” ooh yake ya munthu amene sakutsutsa koma sanagule.

Pamenepo ndi pamene anandiuza za chilumba chake. Akuti chilumba chimene kwawo amachitchula m'nyumba ndi Mbenje, cha ku Salima, chifukwa achimwene ake aakulu amapita kumeneko kukagwira ntchito pa maukonde a anthu. Kumeneko kulibe wopita kukaona. Chilumba chimatsekedwa mu Disembala, mvula ikayamba, n'kudzatsegulidwa mu Epulo, ndipo amene amalamula ndi mfumu, a Makanjira, pamodzi ndi komiti yawo. Mowa saloleza, chamba saloleza, juga saloleza. “Ndipo inu mayi sangakuloleni n'komwe kupondapo, akazi safika.” Ananena monyadira, ngati wandigwira. Achimwene akewo akabwera kumudzi amabwera ndi utaka wouma m'thumba ndi ndalama ya feteleza, manja atang'ambikang'ambika ndi zingwe. “Imeneyo ndiye nyanja imene ndimaidziwa ine. Yanuyo ndi ya anthu okhuta.”

Anthu okhuta. Ine amene ndinasunga ndalama ya ulendo uja kubanki m'khonde, n'kumadya masamba a mpiru mwezi wathunthu! Ndinafuna kumuuza zimenezi koma ndinaona kuti sizisintha kanthu, chifukwa kwa munthu amene tsiku limodzi osakwera njinga ndiye kuti kunyumba sikuphikidwa, aliyense wotha kusunga ndi wokhuta. Komanso zimene ananena za Mbenje zinandikhudza mwa njira ina. Anthu aja akutseka chilumba chawo kuti nsomba ziswane, akhala akutero kuyambira kalekale paki isanabwere, popanda geti kapena chikwangwani. Ndiye ine ndi UNESCO yanga ndinkamuphunzitsa chiyani?

Sindikumbuka kuti nkhani ya Likoma inalowa bwanji, mwina ndinkafuna kupeza pomugonjetsera. Ndinamuuza kuti kumpoto kuli zilumba ziwiri, Likoma ndi Chizumulu, za Malawi koma zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, moti ukaima pagombe mapiri a tsidya lija umawaona pafupi kuposa kwathu. Amapita pa Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951. Nthawi imene ndinapitako inkaima patali, anthu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono pamodzi ndi matumba a chimanga, malata, nkhuku, ana akupatsiranidwa m'manja, kenaka pafupi ndi mtunda n'kudumphira m'madzi ofika m'maondo. Chilumba chouma, chamiyala, malambe paliponse. Ndipo pakati pa zonsezo pali tchalitchi chachikulu cha Angilikani, St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Ukalowamo umadabwa kuti zipangizo zonsezi anazifikitsa bwanji pachilumba chakutali chotere.

Apa ndiye anadzuka panjinga. “Kumeneko ndingapite. Tchalitchi ndi tchalitchi, ukapemphera n'kubwerako.”

Mwaona? Ulendo uyenera kukhala ndi mutu. Maliro, ukwati, geni, mapemphero, mpira. Amayi anga nawonso ndi otero, ukawauza kuti ukupita kokayenda amafunsa kuti kwagwa chiyani. Ndinakulira m'maganizo amenewa, ndipo sindiwanyoza, koma lero anditopetsa. Chifukwa chiyani maso asakhale ndi chakudya chawo? Tsiku lija ku Thumbi ndinatuluka m'madzi ndikuseka ndekha, mayi wamkulu ndithu, chitenje chili chonyowa, tsitsi lomwe ndinalipira ku saluni litawonongeka, ndipo sindinadandaule. Zimenezi ungamufotokozere bwanji munthu pa siteji, mphepo ikuwomba, iye maso ali kwa makasitomala?

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti iye yemweyo amakhalira anthu okaona zinthu. Ndinamufunsa kuti nanga alendo akabwera kuno ku Dedza amawatengera kuti. Anawerenga mosajejema: kophika mbiya, kuphiri, ku Chencherere, ku Mphunzi kukaona zojambula pamiyala. Malo a Chongoni aja, omwe ali ndi mapanga ndi miyala yojambulidwa 127, nawonso analowa m'kaundula yemweyo wa UNESCO mu 2006. Ndinati, ndiye mukafika nawo inu mumatani? Akuti amakhala panjinga n'kumadikira. Analowapo kamodzi, anaona timizere tofiira ndi tinyama toyera, anatuluka. “Iwo amajambula mwala, ine n'kulandira yanga, tonse takondwa.” Sananene mwamwano. Sakudana ndi zoona malo, kungoti iye ali mbali inayo, mbali ya wa boti.

Katundu anafika nthawi ina yake, sindinayang'ane wotchi. Ndinakwera njinga ya mnyamata yemweyo, ndipo panjira sitinalankhulenso za nyanja. Anandilipiritsa mtengo wa masiku onse, sanachotse ngakhale pang'ono.

Madzulo ano ndakhala ndikuganiza za ana a m'kalasi mwanga. Amatha kujambula nyanja pamapu, kuika kadontho ka Likoma pamalo pake, kutchula chaka cha 1875 pamene amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear ndi 1881 pamene malungo anawasamutsira ku Bandawe. Pamayeso amakhoza. Koma ambiri sanaonepo madzi aakulu kuposa mtsinje wa Linthipe, chonsecho boma lathu lomweli la Dedza limafika mpaka kunyanja kumunsi kwa Mtakataka. Ndakhala ndikufuna kukapempha kuti tidzawatengere kumeneko mayeso akatha, tidzaime panjira aone anthu osema timagalimoto ndi tindege tamatabwa pa Khwekhwelere, kenaka Mwala wa Mphini, kenaka boti. Ndikudziwa kale mmene msonkhano wa makolo udzayendere. Wina adzadzutsa nkhani ya likodzo, ndipo sadzakhala akunama, m'madzi a kugombe la Chembe lilimo, pobwera pamafunika mankhwala. Wina adzati mwana wanga sadziwa kusambira. Wina adzawerengera mtengo wa basi m'matumba a feteleza. Onsewa ndikhoza kuwayankha. Amene ndikumuopa ndi bambo wachete wokhala kumbuyo, amene adzaimike dzanja kumapeto n'kufunsa zimene wafunsa mnyamata uja.

Ndawafotokozera bambo a kunyumba kuno nkhani yonseyi tikuwotha mbaula, kuyambira atsikana a zikwama mpaka Mbenje, ndikuyembekeza kuti andiikira kumbuyo. Amvetsera, akutembenuza chimanga pamakala. Ndiye akuti, “Koma mbunazo, zimakoma?”