Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Chifukwa chimene ndinakanira kusayinira pulopela ija

Zikomo nonse chifukwa cha ndemanga zanu pa gawo lapitalo. Ambiri mwandipepesa pa nkhani ya kuchotsedwa ntchito ija, pamene ine monga injiniya wa ndege ndinakana kusayina kuti pulopela yopindika ili bwino, ndipo mawu anu andikhudza. Koma alamu anga aja a ku Bawi, amene mumawadziwa kuyambira gawo lachitatu, abwereza funso lomwe linkafunsidwa kumudzi nthawi imeneyo: munthu wa ana, ungataye bwanji ntchito chifukwa cha kachitsulo kopindika kunsonga? Bwanji osangosayina? Palinso mphwanga wina wa ku Dedza amene wangoyamba kumene ntchito yosamala ndege yaing'ono, ndipo abwana ake amutuma kuti afufuze kokakonzetsa pulopela. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi, choncho lero za ine zichepa, zichuluka za pulopela.

Pulopela ya ndege yaing'ono ya Cessna 172 ndi chitsulo chimodzi cha aluminiyamu, chotalika pafupifupi mamita 1.9 kuchokera nsonga ina kufika inzake. Injini ikamaizunguza maulendo 2,700 pa mphindi, nsongazo zimakhala zikuthamanga makilomita oposa 950 pa ola, ndipo mpeni uliwonse, kutanthauza phiko lililonse la pulopelayo, umakokedwa ndi mphamvu yoposa matani khumi yofuna kuuzula. Komanso pisitoni iliyonse ikakankha, mpeniwo umagwedera pang'ono n'kubwerera. Chitsulo chosalala chimapirira zimenezi kwa zaka zambiri. Koma kamwala kakangobenthula m'mphepete mwa mpeni, mphamvu yonse ija imasonkhana pobenthukapo. Munawaonapo ogulitsa nsalu pa msika wa Lizulu: amadula pang'ono chabe m'mphepete ndi sizasi, kukoka kamodzi, nsalu yang'ambika mpaka kumapeto. Mng'alu wa pulopela umayambanso choncho, kungoti umayenda pang'onopang'ono osaoneka ndi maso, mpaka tsiku limene nsonga idzathothoke ndege ili m'mwamba. Ikathothoka, mbali imodzi imalemera kuposa inzake, ndipo kunjenjemera kwake kutha kuzula injini pa zogwirira zake woyendetsa asanakwanitse kuizimitsa.

N'chifukwa chake pali zimene injiniya wa laisensi amaloledwa kuchita pa hangar pomwepo, mosungira ndi kukonzera ndege muja, ndi zimene saloledwa ngakhale luso lake litachuluka motani. Pobenthuka pang'ono amapasalaza ndi tupa, motsata kutalika kwa mpeni, mpaka kabowo katheretu ndipo patsale kachigwa kosetsereka. Malinga ndi buku la Hartzell, kampani yopanga mapulopela, ngati m'mphepete mwabenthuka kuzama milimita imodzi, posalazapo pakhale potalika mamilimita khumi. Ngati ndi pamimba kapena pamsana pa mpeni, mamilimita 20. Akatero amafafaniza mizere ya tupa ndi sandipepa wosalala, kuyang'anapo ndi galasi lokulitsa, kupaka Alodine woteteza dzimbiri, n'kubwezeretsa penti, ndipo zonse zimalembedwa mu logibuku la pulopelayo. Kuwongola mpeni wopindika, kuwotcherera, kumata pobenthuka n'kupentapo, kudula nsonga, kutsegula habu (pakati pa pulopela pamene mipeni imagwira), zonsezo si za pa hangar. Ngakhale ku shopu yovomerezeka, mpeni wopindika sangouwongola. Amayamba ayeza kuti wapindika madigiri angati ndiponso kuti pamalo pamenepo chitsulo n'chochindikala bwanji, ndipo ukapyola malire a m'buku umatayidwa.

Pulopela ndinakana ija inali ya mipeni itatu, pa Cessna 206, ndipo inagunda chulu pa bwalo laudzu injini ikulira. Mpeni umodzi unawongoledwa ndi hamala ndi matabwa, n'kupentedwa bwinobwino. Zikatere vuto silithera pa pulopela yokha. Kugundako kumadutsa mu crankshaft, shafuti ya injini imene imazunguza pulopela, mpaka kumagiya a kumbuyo kwa injini. Kampani yopanga injini ya Lycoming inalemba za zimenezi mu chikalata chake cha malangizo, Service Bulletin 533, ya Continental mu SB96-11, ndipo onse amati injini iyenderedwe mkati pulopela ikagunda chinthu. Kwa a Lycoming, ngakhale injini ikhale yozima, bola pulopela yawonongeka mofunika kukonza koposa kusalaza. Ngakhalenso itangolowa mu udzu wautali kapena m'madzi n'kutsika liwiro mwadzidzidzi, amakuwerenga ngati kugunda. Inu amene mumatera pa mabwalo audzu nthawi ya dzinja, mfundo ya udzuyo musaitenge mopepuka.

Alamu, sindinaiwale kuti munali nafe pa zimene zinatsatira. Munawaona mayi a ana akukhala padzuwa pamsewu wa M1 ndi ndowa za kachewere kuti fizi ipezeke, ndipo thumba la chimanga lija munabweretsa tinalidya ndi misozi. Chimene chinandipweteka koposa njala chinali mbiri imene inafalitsidwa kuti ndinachotsedwa chifukwa choba zipangizo. Anthu amene ndinakula nawo ankandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Kutchalitchi anandilanda makiyi a m'chipinda chosungiramo katundu popanda wondiuza chifukwa. Amayi anga anamwalira nkhaniyo isanayere, ndipo mpaka lero ndikafika pamanda pawo ndimaganiza zoti mwina anapita akukayikira mwana wawo. Amene anayambitsa bodzalo amawerenga nawo pano, ndipo akudzidziwa. Ndikuwauza kuti ndege ija inali ya mipando isanu ndi umodzi, ndipo siginecha ya injiniya imauza aliyense wokhala pa mipandoyo kuti chitsulochi ndachiona, n'chabwino. Ine sindikanalemba zimenezo pa chitsulo chomenyedwa ndi hamala.

Tsopano kwa iwe mphwanga wa ku Dedza. Yamba watsegula logibuku uone ngati nthawi yakwana. Mapulopela ambiri a ndege zing'onozing'ono amafuna overhaul, kuphwasula ndi kukonza yonse, pakati pa maola 2,000 ndi 2,400, kapena pakatha miyezi 60 mpaka 72, chimene chayamba kukwana. Nambala yeniyeni ya mtundu wako ili mu Service Letter HC-SL-61-61Y ngati ndi Hartzell, kapena Service Bulletin 137 ngati ndi McCauley, kampani inanso yopanga mapulopela. Eni ndege amakonda kuwerenga maola n'kuiwala miyezi, amvekere ndegeyi siuluka kawirikawiri. Komatu yongokhalayo ndi imene imadyeka ndi dzimbiri mkati mwa habu, marabara ake n'kuuma, girisi n'kulimba, makamaka ngati imagona panja kunyanja kumene chinyezi n'chochuluka. Zizindikiro zina sizidikira kalendala. Mahabu ambiri a McCauley amathiridwa oyilo wofiira mwadala, kuti ukaona kufiira pa mipeni kapena pa galasi lakutsogolo udziwe kuti penapake pakudontha, mwina rabara, mwina mng'alu, ndipo ndegeyo isauluke mpaka chifukwa chipezeke. Kunjenjemera kwachilendo kobwera limodzi ndi girisi wotuluka patsinde pa mpeni, ndege iime tsiku lomwelo. Mphezi ikaiomba, kapena injini ikapyola liwiro lololedwa, buku limanena choyenera kuchita.

M'zaka zimene ndinali pa ntchito, mapulopela athu ankapita ku South Africa, kumene mashopu a ndege zing'onozing'ono anadzaza pa mabwalo a Lanseria ndi Rand kufupi ndi Johannesburg, ndi Wonderboom ku Pretoria. Ena ankatumiza ku Wilson Airport ku Nairobi. Sinditchula shopu ndi dzina chifukwa mashopu amasintha eni ndi amisiri, ndipo yabwino dzana itha kukhala ina lero. Chimene sichisintha ndi mafunso oti uwafunse.

Apemphe akutumizire kope la satifiketi yawo yochokera ku bungwe loyang'anira za ndege m'dziko lawo, uone tsiku limene ithere, ndiponso ndandanda ya zimene analoledwa kukonza. Mtundu wa pulopela yako ukhalepo pa ndandandayo. Shopu itha kukhala yodziwika pa injini koma yopanda chilolezo cha mapulopela, kapena yololedwa Hartzell ndi McCauley koma osati MT ya ku Germany imene mipeni yake ndi ya matabwa okutidwa. Mapepala amenewo upite nawo kwa a Civil Aviation kuno kwathu pulopela isanachoke, akuuze ngati adzavomereze ntchito ya shopuyo pa ndege yolembetsedwa 7Q, chizindikiro cha ndege za ku Malawi. Anthu alirapo apa: ndalama zapita, pulopela yabwera ikunyezimira, koma siyingamangidwe pa ndege chifukwa pepala lake silikulandiridwa. Funsanso ngati kuyeza ming'alu amachita okha kapena amatumiza kwina, ndiponso ngati mabuku awo ndi atsopano. Shopu yoona sikwiya ndi mafunso otere.

Iwonso adzafuna zako: mtundu ndi siriyo nambala ya habu, mtundu ndi siriyo nambala ya mpeni uliwonse, maola onse kuyambira ili yatsopano, maola chichitikire overhaul yomaliza, ndi mbiri yoona ngati inagundapo. Usabise. Ukabisa, amayeza mwachizolowezi n'kudumpha zimene akanayang'ana.

Pa mtengo samala ndi mawu. Shopu ina imakupatsa mtengo wotsika, koma ukawerenga bwino akunena zongosintha marabara ndi girisi n'kupenta. Imeneyo ndi ntchito yololedwa pa nthawi yake, koma siyibweza maola pa ziro. Overhaul yeniyeni amaphwasula zonse, kutsuka, kuchotsa penti, kuyeza kufutukuka ndi kuchindikala kwa mpeni pamalo angapo olembedwa m'buku, kufufuza ming'alu pa aluminiyamu ndi utoto wowala mu mdima, pa zitsulo zolimba ndi maginito, ndi pa habu ndi makina a magetsi otchedwa eddy current pamene buku lalamula. Kenako kupala mipeni, kuiteteza ku dzimbiri, kupenta, kuika marabara atsopano ndi zonse zimene buku limati zisinthidwe, kutchera makona a mipeni, ndi kuiyeza pa sikelo kuti mbali zonse zilemere mofanana. Gwirizanani kuti akaphwasula ayambe akutumizira lipoti ndi zithunzi asanagule kanthu. Mtengo umadumpha pa mipeni, chifukwa mpeni wosalazidwa ndi tupa kwa zaka zambiri umafika pochepera muyeso wa m'buku, ndipo watsopano amaitanitsa kwa opanga, m'madola. Ndi mmene ndalama zakunja zimavutira kuno kwathu, uwauziretu abwana ako kuti ayambe kuzifunafuna pulopela isananyamuke. Zimene zakanidwa azibweze kwa iwe kapena azidule pakati, zisadzapezeke pa ndege ya munthu wina. Ngati ndi pulopela yosintha kona yokha, tumizanso gavana wake. Iye ndi amene amatumiza oyilo wa injini mu habu, ndipo gavana wotopa amachititsa pulopela yatsopano kuoneka ngati yolakwika.

Mipeni yopyapyala ili ndi vuto linanso limene ife a kumtunda tiyenera kulidziwa. Dedza ali pa mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, Chelinda ku Nyika wapyola 2,000. Mpweya kumeneko ndi wopepuka, ndipo masana kukatentha injini ndi pulopela zonse zimachepa mphamvu. Mpeni wotha umene ungakhululukidwe ku Chileka m'mawa, kumapiri umatalikitsa mtunda wonyamukira.

Kulongedza ndi kumene mapulopela abwinobwino amawonongekera. Kalipentala akhome bokosi la matabwa olimba, habu imangidwe ndi mabawuti pa thabwa lochindikala kuti kulemera konse kukhale pamenepo, mipeni ilendewere osakhudza kanthu, nsonga zikutidwe ndi siponji. Khuthula oyilo wa injini wotsalira, tseka kamwa la habu kuti fumbi lisalowe. Bokosi la mipeni itatu limakhala lalikulu, choncho funsa a ndege zonyamula katundu ku Kamuzu International Airport kapena ku Chileka ngati lingalowe pa khomo la ndege yawo usanalikhome. Njira ya pamsewu, yotulukira pa chipata cha Dedza kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndi yotsika mtengo koma yodutsa malire atatu, ndipo paliponse bokosi litha kutsegulidwa. Kwa a MRA utenge mapepala osonyeza kuti katunduyu akutuluka kukakonzedwa ndipo adzabwerera, masiriyo nambala alembedwepo, apo ayi pobwera idzawerengedwa ngati yogula kumene. Jambula masamba onse a logibuku lisanachoke m'manja mwako, ndipo inshuwalansi ya paulendo ikhalepo.

Ikabwera, usathamangire kumanga. Fananiza manambala a pa chitsulo ndi a pa satifiketi yotulutsira ntchito, uone kuti ma Airworthiness Directive, malamulo a oyang'anira za ndege okakamiza kukonza zinazake, okhudza mtunduwo alembedwa kuti achitidwa. Tsuka matope a oyilo amene amaunjikana mu bowo la crankshaft, chifukwa akalowa mu habu yatsopano amatseka njira. Ika O-ring, karabara kozungulira kotseka oyilo, yatsopano, ndipo usaitsine polowetsa. Mabawuti amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba, mopingasa, pa nambala ya m'buku, ndipo uwerenge ngati nambalayo ndi ya ulusi wouma kapena wopaka mafuta; ukasokoneza apa umaduladula mabawuti kapena kuwasiya olefuka. Manga waya wotsekera. Ika thabwa pansi pa nsonga, magneto, oyatsa moto wa injini, ali ozima, uzunguze ndi manja n'kulemba pamene nsonga iliyonse yadutsa. Zisasiyane kuposa malire a m'buku, amene pa ndege zambiri zing'onozing'ono amakhala pakati pa milimita imodzi ndi theka ndi mamilimita atatu. Liza injini pamalo opanda miyala, uone liwiro lake ndege itaima, usinthe kona kangapo kuti oyilo adzaze, uzimitse n'kufufuza podontha. Pomaliza mangani makina oyeza kunjenjemera injini ikulira, mutsitse mpaka pansi pa 0.2 IPS, muyeso wa kunjenjemerako, ndipo timawashala tolinganizira kulemera timene mwawonjezera mutilembe mu logibuku ndi malo ake.

Gawo lotsatira ndidzafotokoza zaka zimene ndinkakonza zigayo ku Tsangano, ndi kalata imene inandibwezera ku hangar.